Tizilombo ta Amalume Eneya

Kaduya, Phalombe
8 Meyi 2023

Okondedwa amalume Eneya,

Moseliwa? Amayi ati ndiyambe choncho, aone ngati Chilomwe simunachisiye m'ndege. Muli bwanji kumeneko? Ife kuno tilipo, kupatula mwendo wa amayi.

Ndine Tikondwe, mwana wa achemwali anu a Belita, kamtsikana kaja kanabisala kuseri kwa nkhokwe tsiku lomwe munkatsazika. Pano ndili Fomu 3. Pakamwa ndikadali chimodzimodzi, alendo akabwera ndimathawira kukhitchini, koma a Madamu Makina, aphunzitsi athu a Chichewa, akuti papepala ndimalankhula. Ndiye musandiseke.

Foni yathu inapita ndi madzi a namondwe Freddy. Netiweki nayo, chigwereni tawala, imangogwira pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, ndipo amayi akuti sangakaime pachulu n'kumakuwa za mwendo wawo pa foni yobwereka mudzi wonse ukumva. Ndiye tapangana chonchi: ine ndizilemba papepala, a Madamu azijambula ndi foni yawo n'kutumiza pa Watsapu. Inu mukayankha, ndizikopera kusukulu n'kukawawerengera amayi kunyumba.

Nkhani ndi iyi. Tsiku la madzi lija amayi anabwerera m'nyumba kukatenga mbewu ya nandolo, lata linawatema pamsongolo, mwendo wamanzere. Poyamba tinkati kachilonda wamba. Kuchipatala anawapatsa mapilisi, kenako jakisoni, kenako mapilisi ena. Chimati chauma m'mbali, pakapita masiku chayambanso, ndipo pano chikutuluka mafinya obiriwira. Fungo lake sindingalembe. Ababa amagula makapisozi kumsika wa Migowi, aja ofiira ndi achikasu, n'kumatsegula kuthira ufa wake pachilondapo. Akuti ndi momwe anapolera mnzawo wina atalumidwa ndi galu. Sabata yatha adokotala anatenga mafinya pakamtengo ka thonje, akuti atumiza ku Blantyre akaone kuti ndi tizilombo tanji.

Ndalama zomwe munatumiza zija zinafika, zikomo, tafolera chipinda chimodzi.

Komanso amalume, ndifunse nawo. Kodi ntchito yanu kwenikweni ndi yotani? Amayi amauza anthu kuti ndinu dokotala. Ababa amati mumaweta mbewa. Akayambana za zimenezi amafunsa ine, ine n'kungoti kaya.

Ine mwana wanu,
Tikondwe


Glasgow
13 Meyi 2023

Tiko mwanawe,

Koseliwa! Uwauze amayi ako kuti Chilomwe chinakwera nane ndege, chimangosowa wolankhula naye. Umalemba bwino, mwana iwe. A Madamu sananame.

Choyamba, bambo ako asiye lero lomwe zothira makapisozi pachilonda. Uwauze mwaulemu, ndi alamu anga, koma asiye. Mankhwala amenewo ukamawagwiritsa ntchito mwapatalipatali choncho, tizilombo tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuberekana. Kenako ngakhale jakisoni wa kuchipatala amangokhala ngati madzi. Si mlandu wa iwo okha ayi, dziko lonse lachita zomwezi. N'chifukwa chake ine ndili ndi ntchito.

Pa mkangano uja apambana ndi bambo ako. Sindine dokotala wa odwala, sindinabayepo munthu jakisoni. Ndimagwira mu labu ya payunivesite, ndipo inde, mbewa timaweta, zoyera mbee, zonenepa, iliyonse ndi nambala yake.

Poti ndiwe wa sukulu, ndikufotokozere. Ukudziwa chambiko? Chimene chimasasitsa mkaka ndi tizilombo, koma tabwino, tosadwalitsa. Ife timatenga ta mtundu umenewo n'kutisintha m'kati mwake, ngati mmene munthu amaphunzitsira galu kusaka. Tikatero timatha kununkhiza tizilombo toipa, tija tokana mankhwala, n'kutulutsa poizoni wopha toipato basi, mnofu wa munthu osaukhudza. Ndiye timasakaniza m'mafuta ena ake n'kupaka pachilonda. Ndi mankhwala amoyo, Tiko. Amafuna pozizira, ukawasiya pofunda amafa.

Mwezi watha tinapaka pa mbewa za zilonda zonyeka, za mafinya obiriwira ngati ukunenawo. Zambiri zinapola. Ndinatuluka panja n'kukaima pamvula ngati wamisala, kusangalala kokhakokha. Koma pa munthu sitinayesepo, ndipo kuti tidzafike pamenepo ndi zaka. Ndiye amayi ako azimvera adokotala.

Uwauze kuti sindinaiwale msana umene unkandiolotsa mtsinje popita kusukulu. Zotsatira za ku Blantyre zikabwera undiuze msanga.

Amalume ako,
Eneya


Kaduya
5 Juni 2023

Okondedwa amalume,

Muli bwanji? Mvula ya kwanuko sinakudwalitseni?

Kalata yanu ndinaikopera yonse, osasiya liwu. A Madamu anati, "Tikondwe, za tizilombozo akulembera iwe, kunyumba ukangowerenga za makapisozi." Koma ine ndinaona kuti pamenepo ndi pomwe pakukoma, ndiye ndinawerenga zonse.

Ababa anaseka mpaka kutsokomola. Akuti, "Mbewa zokhala ndi dokotala! Zibwere kuno zidzaone mpani." Makapisozi asiya, ngakhale akung'ung'udza. Amayi sanaseke. Anati ndibwereze paja pa mafinya obiriwira. Ndinabwereza. Ndinabwerezanso paja mukuti ndi zaka, mokweza ndithu, koma iwo anati, "Zakazo ndi za anthu ena. Ine ndi Eneya tinayamwa bere limodzi."

Mawa lake anatuma ababa kukagula mtsuko watsopano. Auika pakona m'chipinda chofoleredwa chija, pamchenga, ndipo ntchito yanga m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndi kuthirira mchengawo kuti mtsuko uzizizira. Madzi akumwa saloledwa kulowamo. Akuti ndi nyumba ya alendo a Eneya, filiji tilibe, asadzafike n'kufa ndi kutentha.

Tsopano zotsatira. Zinabwera Lachinayi. Adokotala anatiitanira m'kachipinda, ine, amayi ndi ababa. Anati tizilombo take tikukana pafupifupi mankhwala onse amene ali nawo, ndipo talowa m'fupa. Anajambula mzere ndi cholembera pamwendo wa amayi, m'munsi mwa bondo, nati, "Tikadula apa panopa, bondo litsala. Mwendo woikirira mudzayendera bwinobwino, ngakhale kumunda. Tikachedwa, mzerewu ukwera."

Amayi anati, "Mwinimbumba ali moyo. Sindingadulitse mwendo iye asanalankhule."

Adokotala anati pepala limafuna chala cha iwo eni, osati cha mlongo wawo. Amayi anangofunditsa mwendowo nsalu. Adokotala anayang'ana ababa, ababa anayang'ana pansi. Panjira, tikukankha njinga amayi ali pakaliyala, ababa anandinong'oneza kuti, "Ine pano ndine mkamwini. Ndikati dulani, n'kukafera pampeni, abale anu adzandifunsa kuti mphamvu unazitenga kuti."

Amalume, chimwalirireni amalume aakulu, mwamuna wa m'mimba mwa agogo mwatsala ndinu nokha. Ndiye aliyense kuno akudikira inu. Mzere uja unafufutika posamba, koma ine ndikamamanga bandeji ndimauonabe.

Tikondwe


Glasgow
9 Juni 2023

Tiko, ndi inu achemwali,

Nkhani ya mtsuko yandisowetsa mtendere. Achemwali, ndimvereni bwino. Mankhwala aja sanathe kukonzedwa. Sindingawatumize. Saloledwa kutuluka pakhomo la labu, ndipo ngakhale nditaba, sindikudziwa chimene angachite m'thupi la munthu. Chopoletsa mbewa chikhoza kupha munthu. Ndinalakwitsa kulemba mosangalala chonchija.

Tsopano za kudula. Mwambo wathu ndikuudziwa, sindinauiwale. Koma achemwali, munandisambitsa ndinu, munandipukuta mamina ndinu. Ndiye ine lero ndikhale kutali kuno, chilonda sindinachione ndi maso, n'kulamula kuti mwendo wanu uchoke? Pakamwa panga pakukanika. Mwendowo ndi wanu. Kuno munthu amasankha yekha za thupi lake, ndipo ine ndikuona kuti n'zoyenera. Zimene adokotala anena ndi zoona, ndi zomwenso mabuku amanena. Ganizirani bwino, kambiranani ndi alamu, ndipo chimene musankhe ine ndili pambuyo panu.

Ndikanabwera, koma pasipoti yanga ili ku ofesi ya za viza, ndipo akuti ndikaitenga zisanathe sindidzaloledwa kubwereranso kuno. Pakadali pano ndikufunsafunsa kwa anzanga madokotala ngati pali mankhwala ena amphamvu amene angapezeke kumeneko.

Tiko, sukulu usajombe. Bandeji uzisintha m'manja mutasambidwa ndi sopo.

Eneya


Kaduya
26 Juni 2023

Amalume, awa ndi mawu a amayi. Ati ndilembe momwe akunenera, ndisakongoletse.

Eneya. Kalata yako ndaimva. Yaitali ngati ulaliki wa pa Pasaka, koma mawu amene ndimadikira mulibe. Ukuti ndisankhe ndekha. Ndinayamba ndasankha ndekha liti? Pokwatiwa ndi bambo a Tiko analankhula ndi achimwene. Pogawa munda analankhula ndi achimwene. Iwe pokwera ndege anavomera ndani, si achimwene omwewo? Lero iwo apita, mpando ndi wako, ukuti khalanipo nokha. Ndikapita kumpeni popanda mawu ako ndiye kuti ndilibe abale, ndine munthu wotoledwa panjira.

Ndipo ine ndimakudziwa. Kuyambira uli mwana, chinthu ukamachikana mumtima umachizungulira. Ukanafuna kuti adule ukananena kuti adule. Sukunena chifukwa ukudziwa kuti tizilombo tako tatsala pang'ono. Ukuti mankhwala sanathe kukonzedwa, ndiye kuti akukonzedwa. Ndidikira. Munthu wophika kalongonda tsiku lathunthu, kutaya madzi kuthira ena, kudikira ndimakudziwa.

Azungu akowo uwauze kuti uli ndi mlongo. Mbewa ili ndi ndani? Ngati akufuna woyesera, ndilipo, sindiopa. Kabotolo kakang'ono basi, upatse munthu wobwera pa ndege, akasiye pa Migowi, Tiko akatenga. Malo ndakonza kale.

Uzivala zofunda. Ndine mlongo wako, Belita.

Amalume, apa ndi ine Tikondwe, amayi sakudziwa kuti ndikuonjezera. Kutupa kwadutsa paja panali mzere. Kumunda anasiya kupita, amangokhala pakhonde n'kumaingitsa ntchentche ndi nthambi. Azimayi anzawo a kumvano amabwera kudzawaona, koma amakhala kumbali komwe mphepo ikuchokera, ndipo amayi amaona. Kuchipatala akukana kubwererako, akuti akawakakamiza.

Ine zonse mumalemba ndimazimva, ndipo ndikudziwa kuti n'zoona. Koma kuno sizikugwira. Pepani ngati ndikuchita mwano, chonde musafotokozenso. Lembani momwe akanalankhulira amalume aakulu: pitani, akadule. Basi.

Tikondwe


Kaduya
13 Julayi 2023

Alamu,

Ndine Lingson. Kulemba sindidziwa bwino, mwanayu akonza molakwika.

Masabata adutsa simunayankhe. Achemwali anu sakudya. Thupi likutentha. Ndawauza kuti tiyeni, akuti iwe ndiwe ndani. Zoona, ndine ndani. Ndinabwera pamudzi pano ndi khasu ndi mphasa. Koma chilonda chimenechi ndimatsuka ndine. Inu mphamvu muli nazo koma simukuona. Ine ndikuona koma mphamvu ndilibe.

Ndapota nanu alamu, lankhulani.

Makapisozi ndinasiya.

Lingson


Glasgow
19 Julayi 2023

Tiko,

Chigawo ichi ndi cha iwe ndi alamu. Ndinakhala chete chifukwa ndimathamangira njira ina. Ndinapita kwa abwana anga, mayi wabwino ndithu, ndinawauza zonse. Anandimvera chisoni, koma anati ayi, ndipo akunena zoona. Ndinalembera madokotala ku Blantyre ndi ku Joni kufunsa za mankhwala ena. Womaliza wayankha dzulo kuti fupa likafika pamenepo palibe mankhwala amene angalowe m'malo mwa mpeni. Tsiku lililonse ndinkati mawa ndipeza china, ndisalembe mawu amenewa. Ndakutayitsani nthawi. Alamu, kalata yanu ndaimva.

Amayi ako uwawerengere zili m'munsizi zokha. Usaonjezere, usachotse.

Achemwali a Belita. Ine Eneya, mwinimbumba, ndikuti pitani kuchipatala mawa, akadule. Tizilombo sitibwera. Ndalankhula.


Migowi
24 Julayi 2023

Amalume,

Ndikulembera pabenchi la shopu ya a Lekani, otchaja mafoni pa Migowi. Nambala iyi ndi yawo. Sukulu tinatseka Lachisanu.

Kalata yanu ndinaikopera Lachinayi, mawu a amayi papepala lawolawo monga munanenera. Ndinathamanga njira yonse, ndinkati basi, zatha. Ndinawerenga. Amayi anati, "Yonse ndi imeneyo?" Ndinati eya. Anati ndiwapatse pepalalo. Kuwerenga sadziwa, koma analiyang'ana, kulitembenuza, n'kuona kuti kumbuyo kulibe kanthu.

Anati, "Eneya chibadwire sananenepo chinthu osayamba wazungulira. Moni mulibe, kupepesa mulibe. Awa ndi mawu ako awa. Paja masiku ano wachenjera ndi cholembera."

Ndinatulutsa pepala lina lija, la ine ndi ababa, ndinayamba kuwerenga. Anandidula. "Bwanji sunayambe ndi zimenezo? Dzanja ndi lako, pepala ndi lako."

Ababa anati, "Amake Tiko, mwanayu sanama."

Amayi anati, "Mwapangana. Mwatopa ndi fungo."

Amalume, ine sindinatope. Ndinangotuluka.

Lachisanu ndinalawirira kusukulu kuti ndikapemphe a Madamu abwere kunyumba ndi foni, amayi aone dzanja lanu lenileni. Ndinapeza atakwera kale basi, apita kwawo ku Rumphi, abwera holide ikatha.

Kutupa kwadutsa bondo. Amanjenjemera ngakhale padzuwa, ndipo dzulo anandiitana dzina la agogo. Koma m'mawa uno anakumbukira n'kufunsa kuti, "Wathirira mchenga?" Ndinathirira. Sindikudziwa chifukwa chake, ndinangothirira.

Musalembenso. Jambulani mawu anu pa nambala iyi, mulankhule Chilomwe, muzungulire momwe mumazungulira, koma pamapeto munene. A Lekani foni sangandibwereke, ndi ya bizinesi, koma avomera kuti Lachitatu akatseka msanga apita nane kunyumba panjinga yawo.

Tikondwe


Glasgow
27 Julayi 2023

Tiko,

Mawu ndinatumiza Lolemba lomwelo. A Lekani akuti Lachitatu sunabwere. Ndaimba kwa a Madamu, nawonso sakudziwa kanthu. Uli kuti?

A Lekani, chonde, ngati pali munthu wopita cha ku Kaduya, akafunse pakhomo pa a Lingson, kuseri kwa tchalitchi. Nthawi ina iliyonse ndiimbireni, ndili pafupi ndi foni.

Eneya


Blantyre
31 Julayi 2023

Okondedwa amalume,

Dzulo ndinangokuuzani kuti ali moyo, chifukwa foni inali ya eni ake, anamwino ena achifundo otchedwa a Praise, ndipo amafuna kuweruka. Lero ndilembe zonse.

Lachiwiri masana amayi anakomoka pakhonde. Tinawanyamula pamachira a nsungwi mpaka pamsewu, kuchipatala anangowaona n'kutikweza ambulasi ya ku Blantyre. Pofika kuno sankazindikira munthu. Adokotala anati tizilombo talowa m'magazi, kudikira kwatha, ndipo poti eni ake sangathe kuyankha, pepala lidinde mwamuna wawo. Ababa anafunsa ngati pali foni yoti aimbire alamu. Nambala yanu inali m'kope langa, kope linali kunyumba. Adokotala anati, "Bambo, mkazi wanu ndi uyu, ali apa." Ababa anayang'ana chala chawo nthawi yaitali. Kenako anadinda.

Adula pamwamba pa bondo, m'ntchafu, kutali ndi paja panali mzere woyamba. Akuti mwendo woikirira wa pamenepo ndi wovuta, zoyenda mpaka kumunda tisawerengere. Akutinso tisasangalale msanga, chilonda chatsopanochi akuchiyang'anabe, ndipo mankhwala amene akuwaika m'dilipi ndi omaliza amene ali nawo.

Anatsitsimuka bwino Loweruka. Anapapasa bulangeti pomwe panali mwendo, sanalire. Anangofunsa kuti anavomera ndani. Ndinati ababa. Mpaka pano ababa akalowa, amayi amatembenukira kukhoma. Ababa amakhala panja pa wodi, pansi pa mtengo. Ati ndikuuzeni kuti anadinda popanda kumva mawu anu ndi makutu, mlandu ngati ulipo akuuvomera. Chonde muwalembere, ngakhale mizere iwiri. Iwo akhulupirira.

Nambala ya a Lekani inali pakapepala m'thumba la siketi yanga. Dzulo a Praise anawaimbira, a Lekaniwo anatumiza mawu anu aja ndi nambala yanu. Ndinawaikira amayi foni pakhutu. Mutayamba za mtsinje ndi msana, kenako za achimwene, kenako kupepesa, amayi anamwetulira n'kuti, "Ameneyu ndiye Eneya, tamumva mmene akuzungulira." Mutafika pamapeto, paja mukuti akadule, anatseka maso. Anati ndibwereze. Kenako anandiyang'ana nthawi yaitali, ndinkati anena kanthu za pepala lija. Koma anangotenga banzi lawo la m'mawa n'kundiika m'manja.

Nandolo wayamba kuuma kumunda, wokolola palibe. Mchenga uja uyenera kuti nawo unauma. Amayi akuti tikabwerera mtsukowo tizidzaikamo madzi akumwa, ndi mtsuko wabwino, usangokhala.

Pomaliza, amayi ati ndikufunseni ngati mbewa zija zikadali bwino. Sakunyoza, amalume, ndinawayang'ana kumaso. Pabedi loyandikana ndi lawo pali mtsikana dzina lake Lily, wamkulu pang'ono kwa ine, wa ku Chiradzulu. Chilonda chake n'chonga cha amayi, mzere amujambula kale m'munsi mwa bondo. Amayi amuuza kuti ali ndi mlongo kunja amene akupanga mankhwala amoyo. Ine, wamanyazi uja, ndinatsatira amayi ake a Lily kumpopi n'kuwauza kuti asadikire, mankhwalawo kulibe, avomere lero. Anandiyang'ana ngati ndikuwamana. Kaya amva, sindikudziwa.

Amayi akuti mufulumire, mwina Lily muupeza mwendo wake ulipo. Ndawauza kuti ndi zaka. Ati lemba basi.

Ndiye ndalemba.

Ine mwana wanu,
Tikondwe